Madzi a Fodya pa Mpiru wa Mbewu

Sukulu ine sindinapondeko. Kuwerenga ndinachita kutola, monga nkhuku itolera mphale pansi pa mtondo, m'shedi yosankhira fodya pa famu ya mzungu wina kumpoto kwa Fotijemisoni, kumene lero timati ku Chipata. Pansi pa fodya wosankhidwa tinkayala manyuzipepala akale, ndipo mnzanga wina amene analekeza sukulu panjira ankandilozera zilembo nthawi yopuma. Chinyanja ndinachigwira msanga. Chingerezi ndinalimbana nacho zaka, moti mpaka lero ndili ndi mawu ambiri amene sindinamvepo munthu akuwatchula, ndipo ndikawatchula ine, eni ake sawazindikira. Komabe pamudzi pa akazi anga zimenezi zinakwana kundipatsa dzina. Ankanditcha akalaliki, ngakhale cholembera changa chinali chala pa dothi.

Ndinali mkamwini pamudzipo. Kwathu ndi kufupi ndi Mtenguleni, kwa anthu okwatira ndi ng'ombe, koma ng'ombe za bambo anga zinatha ndi matenda ndisanamere ndevu, ndipo Mngoni wopanda ng'ombe amatsata kumene kuli mkazi. Ndinamanga nyumba kwa akazi anga, cha ku njira ya ku Tamanda. Munda unali wawo, dimba linali lawo, mwana wathu wamkazi mmodzi yekhayo analinso wa mbumba yawo. Zanga zinali njinga, jekete, ndi sutikesi yamalata yodzaza mapepala amene anthu ena anataya.

M'dimbamo munali mpiru umene sindinauonepo kwina kulikonse. Masamba ake anali otambalala kuposa zikhatho ziwiri, mitsempha yake yofiirira, ndipo unkachedwa kuchita maluwa. Mpiru wa anthu ena ukamathamangira maluwa mphepo itangoyamba, uwu unkathyoledwabe mpaka kutentha. Mbewu yake anabwera nayo ndi malemu apongozi anga kuchokera kutsidya kwa malire, ku Nyasalande, atayimanga pa ngodya ya nsalu. Atamwalira, nsupa ya mbewuyo inatsala ndi akazi anga, ndipo inkalendewera kudenga pamwamba pa moto kuti utsi uziyiteteza. Mkulu wawo, alamu anga, za kusunga mbewu analibe nazo ntchito. Iwo ankangobwera ndi lichero kudzazula mbande, pakamwa pali nthabwala.

Lamulo la nsupa linali limodzi: osafesa zonse. Koma chaka chimenecho mbuzi zinaboola mpanda n'kudya mbande zoyamba zonse, ndipo akazi anga, amene anali atayamba kale kutsokomola, anakhuthula nsupa n'kufesanso. Nsupa inabwerera kudenga yopanda kanthu. Mpiru wonse wa apongozi, pa dziko lonse lapansi, unali umene unali m'mabedi atatu aja.

Chisanu chili pakati, chifuwa cha akazi anga chinakula. Anayamba kulavula magazi, ndipo amalume awo anapeza ngolo yoti iwatengere ku chipatala cha mishoni ku Tamanda. Alamu anamanga mapoto kuti akakhale nawo ndi kuwaphikira. Mwana anapita kwa amayi ake aang'ono. Ng'ombe zili m'goli kale, akazi anga anati ayambe aona dimba. Tinatsika pang'onopang'ono, atatsamira paphewa panga, akupuma pa chulu chilichonse. Atafika anayenda m'bedi lakumapeto akusankha mapando onenepa, n'kumamanga kaluzi pa tsinde. Anamanga khumi ndi awiri.

"Aluziwa musathyole, bambo. Ndi ambewu."

"Ndamva."

"Nsabwe zikabwera, ombwe ndi uyo kumpanda. Musinje mumtondo wong'ambika uja, muviike tsiku lathunthu, muwaze ndi tsache dzuwa likapendeka. Kumasamba ndi kutsinde basi. Kumaluwa musawaze. Kumeneko ndi zala ndi phulusa."

"Ndamva, mayi."

"Mwamva, kapena mwawerenga?"

Tinaseka, ndipo kuseka kuja kunawadzutsira chifuwa mpaka anakhala pansi pa mzere. Atapezako mpweya anati, "Mwanayu adzafuna dimba lake tsiku lina. Ndisadzamusiyire nsupa ya mphepo."

Ombwe ndi chitsamba chija anthu amasinja n'kuthira m'dziwe kuti nsomba ziledzere. Akazi anga anabzala tsinde limodzi pakona ya mpanda chifukwa cha nsabwe za m'masamba, ndipo ndinali nditawaona zaka zambiri akuwaza madzi ake obiriwira. Ndinkaona monga mwamuna aonera mkazi akupeta: maso ali pomwepo, mutu uli kwina.

Anali masiku a Chitaganya. Amuna akakhala pansi pa mtengo, nkhani inali ya misonkhano ya ku Boma ndi ya alangizi oyeza mizere ndi zingwe, ndipo chilichonse chobwera papepala anthu ankachiyang'ana ngati njoka yogona panjira. Ine ndekha ndinali wosiyana. Kwa ine chinthu chikadindidwa, chinali chitalumbira. Azungu ena a mafamu anali atayamba kulongedza katundu, ndipo dona wa pa famu yathu anatayira kudzala mulu wa mabuku. Ndinatolako limodzi lopanda chikuto, la kalimidwe ka ndiwo zamasamba, lokhala ndi zithunzi za kabichi wonga mutu wa mwana. Ndinkaliwerenga ndi chala, mzere umodzi kawiri.

Nsabwe zinabwera ndi mphepo ya Ogasiti. Poyamba ndinaona nyerere zikukwera ndi kutsika patsinde ngati amesenjala a kwa bwanamkubwa. Nditatembenuza tsamba ndinapeza kunsi kwake kuli mbuu, ngati phulusa lamoyo, tina tonenepa, tina tating'ono ngati gaga. Masamba anayamba kupindika, ndipo kukhudza ankamata. Ndinachita monga ndinauzidwa. Ndinasinja ombwe, ndinaviika, ndinawaza madzulo. Patapita masiku awiri nsabwe zinachepa, koma zinalipobe. Ndinabwereza, zinachepanso, koma zinalipobe. Mankhwala a akazi anga anali ngati mkulu wa mpingo: amalangiza, samenya.

Tsono buku lija linali ndi tsamba lonse la nsabwe zimenezi, ndi chithunzi chake chachikulu ngati nkhululu. Linati munthu aviike zinyenyeswa za fodya m'madzi, asungunuliremo kasopo, asefe, awaze. Ndinawerenga katatu kuopa kuti Chingerezi chandinamiza, koma sichinandinamize. Ndipo ine, munthu wosesa zinyenyeswa za fodya tsiku ndi tsiku, amene mapapo anga anali odzaza nazo! Ndinamva ngati bukulo analembera ine ndekha. Ntchito yosankha fodya inali kutha sabata yomweyo. Tsiku lomaliza ndinapempha kapitawo, ndipo anandilola kukweza thumba lathunthu la zosesa panjinga, akundifunsa ngati ndikufuna kutsegula sitolo ya fodya wamphuno.

Ndinaviika mumgolo wakale. Buku linatchula muyeso wake, ndipo apa ndiyenera kulichotsera mlandu: kuchulukitsa kunali kwanga. Ndinaganiza kuti ngati dzanja limodzi limapha nsabwe, manja anayi adzaphanso ndi zidzukulu zake. Sopo nayenso ndinadula mosaumira. Madzi anatuluka akuda ngati tiyi woiwalika pamoto, fungo lake lolasa m'maso. Ndinawaza mabedi onse atatu.

M'mawa mwake nsabwe zinali zitauma, zakuda, zongoyoyoka ukagwedeza tsamba. Ndinayima pakati pa dimba manja m'chiuno. Chiyambire kudwala kwa akazi anga, limeneli linali tsiku loyamba kugonjetsa kanthu.

Lamulungu lililonse ndinkapalasa njinga kupita ku Tamanda. Akazi anga anali m'chipinda chachitali cha odwala chifuwa, mawindo ali pululu usana wonse, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza bulangete likuoneka lalikulu kuposa kale. Anamwino ankagwira ntchito yawo mokhulupirika. Belu likalira ankabwera ndi thireyi ya mankhwala, m'mawa, masana ndi madzulo, osaphonya. Alamu anali ndi moto wawo ndi mapoto awo kuseri. Aliyense anali ndi chochita kupatula ine. Ndinkakhala pampando chipewa chili pamaondo, n'kumawawerengera zolembedwa pakhoma, zoletsa kulavula pansi, mpaka iwo anati, "Bambo, chimenecho ndachiloweza."

Pobwerera, pa chitunda china pamene munthu umatsika n'kukankha njinga, ndi pamene nzeru inandifikira. Ngati chipatala chimamwetsa katatu pa tsiku kuti matenda asapeze mpata, ine ndingalekerenji? Ntchito ku famu inali itatha. Nyumba inali zii. Ndinali ndi thumba la fodya, mgolo, tsache, ndi tsiku lathunthu lopanda munthu wondiyitana.

Choncho mpiru uja unayamba kumwa mankhwala katatu pa tsiku. M'mawa mame asanaume, masana dzuwa lili paliwombo, madzulo nkhuku zisanalowe. Mapando aluzi aja anatumphuka, natulutsa mapesi aatali ofika m'chifuwa changa, ndipo nsonga zake zinachita chikasu ndi maluwa. Ndinaona kuti nsabwe zatsopano zimakonda kutera kunsonga komweko, pakati pa timaluwa tosatseguka, ndiye kumeneko ndinkawaza mpaka madzi adonthe. Mawu a akazi anga sindinawaiwale ayi. Ndinkawakumbukira bwinobwino, koma ndinawamasulira. Ndinati iwo ankaletsa kuwaza kumaluwa chifukwa ombwe ndi wofooka ndi wovuta kusinja, ndiye ankamusunga. Munthu wowerenga amatha kumasulira chilichonse mpaka chigwirizane naye.

M'dimba munakhala bata lodabwitsa. Ndinkatenga buku langa, n'kukhala pamthunzi wa nthochi pafupi ndi chitsime, n'kumawerenga popanda kanthu kondilira kukhutu. Ndinkati mumtima, dimba la munthu wophunzira limadziwika ndi ukhondo.

Lamulungu lina ndinathyola masamba abwino m'mabedi awiri osamangidwa luzi, ndinawatsuka katatu, n'kuwakulunga m'tsamba la nthochi. Ndinafika ku Tamanda ngati munthu wobwera ndi nyama ya insa. Alamu anali kuseri akukoleza moto. Anamasula mtolo, nanunkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Akalaliki, ndiwozi ndiphike kapena ndipichire m'pepala tisute?"

"Tsukaninso, alamu. Onani tsamba lake. Munaonapo loyera chonchi?"

"Loyera ndi loyera. Koma likununkha ngati thumba la jekete la nkhalamba. Mng'ono wanga chifuwa chimodzi sichikumukwana kodi, mwati mumuonjezere cha fodya?"

Sanaphike. Anatenga tsamba limodzi n'kulowa nalo m'chipinda cha odwala, ine pambuyo. Akazi anga analitembenuza, nayang'ana kunsi kwake nthawi yaitali. Kenaka anagwira dzanja langa n'kulifikitsa kumphuno. Zala zanga zinali zachikasu mpaka m'zikhadabo.

"Ku famu ntchito inatha mwezi watha," anatero.

Ndinafotokoza zonse, monyadira, ndi muyeso womwe, ndi za katatu pa tsiku zomwe. Ndinatchulanso liwu lachingerezi la nsabwezo. Nditatsiriza, akazi anga anayamba kufunsa.

"Nsabwe zilipo?"

"Ndi imodzi yomwe, mayi. Mungachite kufuna ndi nyali."

"Nanga tofiira tamadontho tija timadya nsabwe?"

"Sindinatione masiku ano."

"Njuchi zikubwera?"

Ndinakumbukira mthunzi wa nthochi uja, ndi bata lija ndinkaliyamikira.

"M'dimba muli zii," ndinatero.

"Maluwa akayoyoka, pakutsala chiyani?"

Sindinadziwe. Mwezi wathunthu ndinali kuyang'ana maluwa aja katatu pa tsiku, koma ndinkafunamo nsabwe zokha.

Akazi anga sanakalipe. Mpweya wokalipira analibe. Anayika tsamba lija pabulangete n'kutembenukira kukhoma. Alamu anandikoka jekete mpaka kuseri, ndipo kumeneko ndi kumene mlandu unazengedwa, amayi ena odikirira odwala akumvetsera uku akusonkheza moto.

"Tandiuzani, alamu. Eni ake a buku lanulo mbewu amayitenga kuti?"

"Amagula m'mapaketi, kusitolo ku Boma."

"Chaka ndi chaka?"

"Chaka ndi chaka."

"Ndiye maluwa a ndiwo anawaonapo iwowo? Munthu wogula mwana pamsika angakuphunzitseni za mimba?"

Amayi aja anaseka. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Pambuyo pake ndinalifufuza bukulo tsamba ndi tsamba, ndipo za maluwa ndinapeza mzere umodzi wokha, wonena kuti ndiwo zikayamba maluwa muzizule n'kutaya. Silinaname. Linkalankhula ndi anthu ena, ine ndinangomvera pawindo.

Nditakwera kale njinga, alamu anatulukanso akupukuta manja pachitenje. Nkhope yawo inali itasintha.

"Akuti mukadule nsonga zonse zopsa. Muzikathirira kawiri. Mwina nthambi zam'mbali zichita maluwa ena kutentha kusanafike pachimake. Akutinso manja anuwo mukasambe ndi phulusa musanakhudze kanthu."

"Ananena china?"

"Akulira, alamu. Pitani."

Ndinafika dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, ndipo sindinalowe n'komwe m'nyumba. Pamapesi aja, pamene panayenera kulendewera timakoko tambewu, panali timitengo tokhatokha, ngati mano a chipeso. Maluwa anali atapsa ndi sopo ndi dzuwa lamasana, ofiirira m'mphepete, ena ouma asanatseguke. Nditagwada ndinaona zimene ndinakhala ndikuponda masiku onse aja. Pansi pa mapando panali njuchi, zopindika, zouma, zina zili ndi ufa wachikasu kumiyendo. Nyerere nazo sizinazitole.

Mgolo ndinaugubuduza kutali ndi chitsime n'kukautaya pachulu. Thumba la zinyenyeswa ndinalikwirira. Kenaka ndinatenga mpeni n'kudula nsonga khumi ndi ziwiri, imodzi ndi imodzi.

Masabata otsatirawo ndi amene ndimawakumbukira kwambiri, ngakhale palibe chochitika chachikulu. Kutentha kunafika. Chitsime chinayamba kutsika, ndipo ndinkalowamo ndi khasu kuchikumba mpaka madzi amatope atuluke. Mapando asanu ndi awiri anangouma chiimire, kaluzi kali patsinde. Asanu anatulutsa tinthambi tam'mbali, toonda ngati udzu. Ndipo nsabwe zinabwerera, zambiri kuposa poyamba, chifukwa adani ake onse ndinali nditawapha ine mwini. Zinapeza mudzi wopanda agalu.

Ndinabwerera ku mtondo wong'ambika. Kusinja ombwe, kuviika, kusefa pa chiguduli, kudikira dzuwa lipendeke, kuwaza kumasamba ndi kutsinde basi. Kunsonga ndinkapita ndi phale la phulusa. Umanyowetsa zala ziwiri, umazipaka phulusa, n'kumapulula kaphesi kuchokera pansi kupita m'mwamba mosafinya, nsabwe n'kumaphwanyika m'zala, kaduwa n'kutsala. Apa pokha ndi pamene ntchito yanga ya ku famu inandithandiza, pakuti wosankha fodya amaona ndi zala. Zinkatenga m'mawa wonse pa mapando asanu, ndipo mawa lake zina zinali zitabweranso. Ndinaphunzira kuzisiya zochepazo. Zinkandiwawa m'maso ngati chilembo cholakwika, koma ndinkazisiya.

Timaluwa tatsopano titatseguka, ndinayamba kudikira njuchi. Buku ndinalisiya kunyumba. Ndinayika phale la madzi oyera pafupi, ndi timitengo toti ziziterapo pomwa, n'kukhala pansi pa nthochi. Tsiku loyamba sikunabwere kanthu. Lachiwiri kunabwera ntchentche. Munthu wamkulu, wandevu, wodziwa Chingerezi cha m'dzala, ndinakhala masiku anayi ndikupempha kachilombo kuti kandikhululukire. Tsiku lachisanu inabwera imodzi. Inazungulira, inatera, inachoka. Ndinagwira mpweya mpaka inadutsa mpanda. Mawa lake zinabwera zingapo, koma sizinachuluke ngati kale, ndipo maluwa nawonso anali ochepa.

Lamulungu ndinkapitabe ku Tamanda. Akazi anga sankafunsa zambiri. Ankangogwira dzanja langa n'kulinunkhiza, ndipo akamva phulusa ankalisiya pabulangete osalikankha.

Timakoko tinabwera tochepa, tating'ono, tina topindika. Ndinatikulunga ndi kansalu kuopa mbalame. Titauma ndinatithyolera m'lichero, ndinatifikisa m'manja, ndipo popeta sindinayerekeze kudalira mphepo. Ndinkauzira ndi pakamwa pang'onopang'ono, nditatseka chitseko. Zaka zonse akazi anga ankadzaza nsupa mpaka kukhosi, n'kutsalanso zogawira anzawo a kumpingo. Zanga zinalowa m'bokosi la machesi, osafika ndi theka lomwe.

Tsiku limene ndinapita nazo, mitambo inali itayamba kusonkhana kum'mawa ndipo nyenje zinali kulira m'mitengo yonse ya mishoni. Akazi anga sankathanso kukhala tsonga okha. Alamu anawatsamiritsa pachifuwa pawo. Ndinawapatsa kabokosi. Anakagwedeza pafupi ndi khutu, kakulira pang'ono ngati mchenga. Anatsegula, nathira padzanja, n'kuyamba kusiyanitsa ndi chikhadabo.

"Zofiirazi n'zosakhwima. Zakudazi ndizo zamoyo."

Zakuda zinali zochepa kuposa zofiira. Anazibwezera zonse mosamala, natseka. Ine ndinali nditatambasula kale dzanja kuti ndilandire, koma kabokosi kanadutsa dzanja langa n'kupita kwa alamu.

"Akulu, chaka chino muphunzire kusunga. Musafese zonse."

"Ndamva, mwana wa amayi."

Kenaka anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munabwera kanthu kaja ndinakakonda tsiku loyamba.

"Inu bambo, mukanakhala dokotala muno, chifuwa chikanatha sabata imodzi."

"Mukutero, mayi?"

"Chifuwa, ndi odwala omwe."

Alamu anaseka mpaka misozi, ine ndinaseka, iwonso anaseka, ndipo chifuwa chinawagwira nthawi yaitali mpaka namwino anabwera n'kundipempha kuti ndidikire panja.

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa, anthu ali kalikiliki kubzala chimanga. Ngolo yomwe ija inawabweretsa kumudzi. Titameta maliro, amalume awo anandiyitana pabwalo pamaso pa mbumba yonse kuti andisudzule. Analankhula mawu abwino. Anati ndinali mkamwini wofatsa, wosamenya, wosamwa, kuti ndinasamala mwana wawo mpaka mapeto, ndipo tsopano ndine womasuka kupita kumene mtima ufuna. Za mpiru palibe amene anatchula, ngakhale mudzi wonse unkadziwa. Mwana anatsala ndi alamu, monga mwa mwambo. Ndinamanga sutikesi yamalata panjinga. Buku lija ndinalitenga, ndipo ndikadali nalo. Si ilo linawaza.

Kwathu ku Mtenguleni kunalibe chondidikira. Famu nayo inali itagulitsidwa. Ndinapeza kachipinda ku Kapata, komboni ya m'tawuni ya Fotijemisoni, ndi ntchito yonyamula ndi kusanja katundu m'sitolo ina, kumene kuwerenga kwanga kunkathandiza kusiyanitsa makatoni. Pashelefu imodzi panali mapaketi a mbewu, okhala ndi zithunzi zokongola za kabichi ndi karoti. Ndinkawapukuta fumbi Lolemba lililonse.

Mphepo ya Ogasiti itabweranso ndinapempha masiku awiri kuti ndikaone mwana. Ndinamupeza atakula, akulankhula ndi kayendedwe ka manja ka alamu, ndipo anandipatsa moni atagwada ngati ndine mlendo. Tinadya, tinacheza za ku tawuni. Ndinayang'ana kudenga kwa alamu ndipo ndinaona nsupa ija ikulendewera pamwamba pa moto, koma sindinafunse. Dzuwa litapendeka alamu anatenga ndowa ndi tsache.

"Tiyeni, akalaliki. Mukangoyang'ana njira imeneyo chonchi khosi lithyoka."

Tinatsika kudambo. Mpanda unali watsopano, waminga, wothina moti ndi nkhuku yomwe sikanalowa. Pachipata alamu anatembenuka.

"Inu muyime pompo. Manja kumbuyo."

"Alamu, fodya ndinasiya kale."

"Kumbuyo, ndati."

Ndinayika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu imene sindinapiteko, n'kusuzumira pamwamba pa minga. Mabedi awiri anali a repu wogula. M'bedi lakumapeto munali mapando asanu ndi anayi a mpiru, masamba otambalala, mitsempha yofiirira. Anayi anali ndi kaluzi patsinde, komangidwa mfundo yaikulu yosakongola, ndipo anali atayamba chikasu kunsonga.

"Theka ndinafesa, theka lili m'nsupa," alamu anatero osandiyang'ana. "Zinamera ndi zimenezi. Tsiku lililonse ndimabwera kuno ndi mantha, ine munthu amene ndinkangodziwa kuzula mbande za mng'ono wanga."

Anayamba kuwaza ombwe kumunsi, mwaulesi ndithu poyerekeza ndi mwini wake. Phesi limodzi linali pafupi ndi mpanda, ndipo pansi pa maluwa ake ndinaona kagulu ka nsabwe, mbuu, nyerere ziwiri zikukwera. Njuchi imodzi yochedwa inali kumalizitsa ntchito pamwamba pake. Sindinadziwe kuti dzanja langa lachoka kumbuyo mpaka tsache lonyowa linandimenya pa zala.

"Zisiyeni! Zili ndi eni ake."

Ndinabweza dzanja. Ndinayima kunja kwa mpanda mpaka anamaliza.

M'mawa pochoka anandimangira mtolo wa masamba a mapando asanu opanda luzi, kuti ndikaphike ku Kapata. Ndinamva pambuyo pake kuti chaka chimenecho nsupa inafika pakati. Mbewu sanandipatse, ndipo ine sindinapemphe.